Banja Linatha m'Botolo la a Silungwe

K40,000 lita imodzi. Umenewu ndiye mtengo wokwera kwambiri umene madzi anagulitsidwapo mumsika wa pa Chitipa boma, ndipo amene anawagulitsa ndi munthu wachilungamo kutiposa tonse, a Bizwell Silungwe. Kabotolo kanali ka mamililita 50, mtengo wake K2,000, ndiye chulukitsani ka makumi awiri muone. Ine ndine Safeli Msukwa. Ndimagulitsa machaja ndi mabatire a foni pa benchi loyandikana ndi golosale yawo, ndipo kawirikawiri ndimapita ku Tunduma, tauni ya kutsidya kwa malire, kukaoda katundu wanga ndi wa anthu ena amene amandituma. Masamuwa ndinawerengera ndine, koma eni ake sindinawauze, kuopa kuti angadwale nawo.

A Silungwe anabadwira ku Wenya. Anabwera kuno ali mnyamata, wapansi, atasenza thumba la nyemba, nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe. Anagulitsa nyembazo, anabwerera, anabweranso ndi zina, mpaka ndalama zinakwana zoti nawonso akaone Tunduma. Kumeneko wamalonda wina wa pakamwa pozuna anawagulitsa chitini chachikulu cha mafuta ophikira, chomata bwino, kunja atajambula mpendadzuwa. Anawatcha "rafiki", kutanthauza bwenzi, maulendo ambirimbiri ndipo anawathandiza kuchikweza pa lole. Atafika nacho kuno n'kuchitsegula, mafuta anali pamwamba pokha, ongokwana kukazingira mazira awiri. Pansi ponse anali madzi.

Kuyambira tsiku limenelo a Silungwe anadana ndi chinthu chilichonse chotsekedwa. Sopo amamuvula pepala asanamuike pa shelufu. Shuga amamukhuthulira m'mapulasitiki oonekera. Machesi amawatsegula pang'ono kuti mitu izioneka, moti nyengo ya mvula amagwira chinyezi n'kumakana kuyaka, koma iwo amati bola wogula waona kuti mitu ilipo. Mazira sagulitsa.

"Ndigulitse bwanji chinthu chimene ngakhale nkhuku sidziwa kuti mkati muli chiyani?" amatero.

Kutchalitchi anakana envulopu ya chopereka. Amapita kutsogolo atatambasula ndalama m'manja ngati akufuna kuiyanika. Mwana wawo wamkazi atapeza mwamuna wa ku Mzuzu, akuchimuna anapempha kuti atumize lobola pa foni. A Silungwe anati ng'ombe zibwere ndi miyendo yake, aziyang'ane mano. Ngakhale mabatire anga sanawakhulupirire. Tsiku loyamba limene ndinayala benchi langa anatola limodzi, analizunguliza, n'kundifunsa kuti, "Iwe mwana wane, moto ukunenawo uli pati m'menemu?"

Wogula aliyense amamulandira ndi mawu awiri a Chitumbuka, "Wonani mwekha," ndiye kuti onani nokha, ndipo mawuwo anasanduka dzina. A kabaza, apolisi, anamwino obwera kuchokera kumwera, onse amawadziwa kuti a Wonani. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina lina. Ana awo onse anaphunzira ndi golosale imeneyi, ndipo chonyadira chawo chachikulu chinali chakuti komiti ya msika inali isanawaitanepo pa mlandu.

Chaka chatha masaluni anachuluka pa boma. A Silungwe anaona kuti eni masaluniwo amavutika kupeza peroksaidi, mankhwala ooneka ngati madzi amene amasakaniza ndi dayi kuti tsitsi lide ndipo lisasuluke. Anandituma kuti ndiwabweretsere malita asanu. Ndinabwera nawo m'chigubu chakuda bii, cha pulasitiki yokhuthala.

A Silungwe anachiyang'ana ngati ndawabweretsera njoka.

"Chakuda?"

"Amabwera choncho, adada."

"Ndiye munthu aone bwanji?"

Anali atatolera kale timabotolo toonekera, atatitsuka n'kutiyanika. Ndinakumbukira pang'ono zimene tinaphunzira ku sekondale, ndipo ndinati, "Adada, chigubuchi anachidetsa dala. Mankhwalawa safuna kuwala."

"Chitini chija anachimatanso dala," anayankha motero, uku akuthira.

Timabotolo anatindandalika pa thabwa la kutsogolo kwenikweni, pamene dzuwa limamenya kuyambira m'mawa mpaka kuwerukira. Unali Okutobala. Tinkanyezimira mokongola, moti anthu ankaima kufunsa ngati ndi mafuta onunkhira. Mankhwala otsala m'chigubu anawakankhira pansi pa kauntala, kumdima, kuti makasitomala asaone chinthu chochititsa manyazi chotero.

Oyamba kugula sanadandaule. Koma posakhalitsa zivindikiro zinayamba kulumpha zokha. Tikukhala phee masana, timangomva pho! chivindikiro chagwera mu ngalande.

"Wamva, Safeli?" ankatero a Silungwe, nkhope ili ngwee. "Mphamvu imeneyo. Katundu wabodza salumpha."

Atatopa ndi kutola zivindikiro, anatenga singano n'kuboola kabowo pa chilichonse. Zinasiya kulumpha. Iwo anati mankhwala azolowera malo.

Kuseri kwa msika kuli saluni ya Emelda Nachone, mayi wa manja aluso ndi mawu omveka mpaka kudepoti. Mmodzi mwa makasitomala ake odalirika anali a Fatsani Makwinja, bwana wa pa ofesi ina pa boma, wochokera ku Thyolo. A Makwinja akhala ali ndi zaka 58 kuyambira ine ndili Fomu 2. Mwezi uliwonse ankalowera khomo la kumbuyo kwa saluniyo mutu uli waphulusa, n'kutuluka uli bii ngati wa mnyamata. Tauni yonse inkadziwa, ndipo tauni yonse inkawalemekeza posanena.

Kumayambiriro kwa Disembala kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera ku likulu kudzaona ogwira ntchito, ndi kudziwa amene nthawi yawo yopuma yakwana. A Makwinja anathamangira kwa Emelda m'mawa wa tsikulo. Emelda anatuma munthu kukagula kabotolo kwa a Silungwe, anasakaniza, anapaka, anadikira, anatsuka. Imvi zinatuluka zili chilili. Anapakanso kachiwiri, ndipo popeza nthawi inali itatha, a Makwinja anati asatsuke, dayi aumire m'mutu momwemo. Muholo mmene ankakumana ndi alendowo munali kutentha kwa mvula yoyamba. Thukuta linayamba, ndipo dayi anatsika pang'onopang'ono kudzera kuseri kwa makutu mpaka pa kolala ya malaya oyera. Akuti mtsikana wina mwa alendowo anaimirira n'kunena mwaulemu kuti, "Khalani apa, agogo."

Masana omwewo Emelda anafika pa golosale, kabotolo kali m'manja.

"A Wonani! Lero muone ndinu!"

"Monire amama. Kwagwanji?"

"Monire wa chiyani? Onani chala changa ichi, ndadzicheka ndi lezala. Peroksaidi weniweni akagwera pabala amachita thovu, ngakhale mwana amadziwa." Anathira pachalapo. Madzi anangoyenderera n'kudontha pansi. "Thovu lili kuti? Awa ndi madzi, adada! Mukugulitsa feki!"

Mawu akuti feki amayenda msanga mumsika kuposa njinga yamoto. Amayi a tomato anasiya tomato. Ogulitsa kaunjika anabwera zovala zili paphewa. A Silungwe anatenga kabotolo kena, anakayang'anira kudzuwa, anakagwedeza.

"Koma akuoneka bwinobwino," anatero. "Wonani mwekha."

"Madzi amaonekanso bwinobwino!" anatero Emelda.

Lamulo la komiti yathu ndi lodziwika: wogulitsa katundu wabodza amachotsedwa pamalo, ndipo malo ake amapatsidwa wina. Ofuna malo a a Silungwe analipo ambiri, chifukwa ali pakona pamene aliyense amadutsa. Anauzidwa kuti akaonekere ku komiti mawa lake. Anthu atabalalika, a Silungwe anakhala pa kreti n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Safeli, ku Tunduma kuja unagula kwa ndani?"

Ndinamva kuti mlandu wayamba kundiyandikira. Ngati chigubu chinali chabodza, ndiye kuti ine ndinawabweretsera chitini chachiwiri, ndipo palibe amene akanandituma katundu. Ndinawapempha kuti anditulutsire chigubu chija. Munali mutatsala pafupifupi lita. Ndinawauza kuti asachitsegule, ndipo m'mawa ndinadzera kubutchala kukagula kachidutswa ka chiwindi cha ng'ombe.

Komiti inakumana mu shedi ya chimanga. Wapampando ndi a Amos Sibale, ogulitsa kaunjika, munthu wokonda kuweruza kuposa kugulitsa. A Makwinja anabweranso, atavala chipewa chofika m'makutu, n'kukhala kumapeto kwa benchi.

"Bwana, mwabwera ngati wodandaula?" anafunsa a Sibale.

"Ayi, a tcheya. Wovulalayo ndi mnzanga. Ine ndangobwera kudzamumverera."

"Mnzanuyo ali bwanji lero?"

"Sanagone bwino."

Emelda anafotokoza mbali yake. A Silungwe analumbira kuti sanathiremo dontho la madzi. Kenako ndinapempha mwayi. Ndinadula chiwindi pawiri n'kuika pa mbale ziwiri. Pa choyamba ndinathira za m'kabotolo koonekera. Chiwindi chinangonyowa. Pa chachiwiri ndinathira za m'chigubu chakuda. Nthawi yomweyo thovu loyera linafufuma, likulira kuti sooo, mpaka linasefukira pa tebulo. Mayi wina anakuwa n'kukweza miyendo.

"Basi, zaoneka," anatero a Sibale. "Chigubu n'chabwino, Safeli alibe mlandu. Ndiye kuti pakati pa chigubu ndi kabotolo pali dzanja linathira madzi. A Silungwe, dzanja limenelo ndi la ndani?"

Ndinaona kuti ndadzipulumutsa ndekha n'kuwamiza mkuluyo. Ndinafulumira kunena kuti, "Ayi, a tcheya, palibe anathira. Mankhwalawa anawola."

Linali liwu lolakwika. Kabotolo kanayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akununkhiza.

"Chowola chimanunkha," anatero a Sibale. "Ine ndinayamba ndi malonda a kabichi, kuwola ndimakudziwa."

"Ine sindigulitsa zowola!" anatero a Silungwe, ndipo anakwiya kuposa pamene ankawanena za madzi.

"Chabwino, sanawole. Anasweka."

A Sibale anakazunguliza kabotolo. "Pena paliponse sipanang'aluke. Iwe mnyamata, sukulu unamaliza kapena inakumaliza?"

Anthu anaseka. Ndinaima thukuta likutsika ngati la a Makwinja. Aphunzitsi athu ankalemba pa bolodi chinthu chimodzi kumanzere, muvi pakati, zinthu ziwiri kumanja, ndipo tinkaloweza m'Chingerezi. Palibe amene anatiuza kuti tsiku lina tidzafunika kuzinena mu shedi ya chimanga.

"A tcheya," ndinatero, "peroksaidi ndi banja. Mwamuna ndi madzi, mkazi ndi mpweya, womwe uja timapuma, wa okosijeni. Ali limodzi ndiye mankhwala, ndipo mphamvu yodetsa tsitsi ili mwa mkaziyo. Koma ndi banja losalimba. Likakhala kumdima, kozizira, limapirira miyezi. Likakhala padzuwa ndi potentha, amalekana. Mpweya umanyamuka, madzi amatsala okha. N'chifukwa chake amawasunga m'chigubu chakuda."

Onse anatchera khutu. Nkhani ya banja aliyense amaimva.

"Ndiye dzuwa ndi chibwenzi," anatero Emelda.

"Tingatero."

"Nanga zivindikiro zija zinkalumpha?" anafunsa a Silungwe ndi mawu otsika.

"Ameneyo anali mkazi akumenya chitseko kuti atuluke, adada."

"Ndipo ine ndinaboola."

"Munamutsegulira."

A Silungwe anagwira mutu. A Sibale analoza mbale ya thovu ija. "Nanga apa? Muno dzuwa mulibe."

"N'kulekana komweko, koma kwachangu. M'chiwindi, ngakhalenso m'magazi a pabala, muli kanthu kamene kamafulumizitsa. Zimene dzuwa limachita pa masabata, chiwindi chimachita nthawi yomweyo. Thovulo ndi mpweya ukutuluka. Likaoneka, ndiye kuti banja linalipo. Likapanda kuoneka, ndiye kuti linatha kale."

"Ndiye chiwindi ndi apongozi," anatero a Sibale.

Shedi yonse inagwa ndi phwete. Ngakhale chipewa cha a Makwinja chinagwedera.

Komiti inanong'onezana, ndipo a Sibale anaimirira n'kukonza jekete. Anati a Silungwe sanathire madzi, choncho si mbava, ndipo malo awo sachotsedwa. Dzuwa nalo komiti singaliitane chifukwa silikhoma chiphaso cha msika. Koma kwathu kuno banja likatha, ng'ombe zimabwerera. Aliyense amene anagula mwamuna wothawidwayo abwezeredwe ndalama zake. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, ngati akufuna kupitiriza malonda amenewa, agulitse m'mabotolo akuda.

Kubweza ndalama sikunawavute. Anayamba pomwepo, ndi Emelda, ndalama atazitambasula monga mwa nthawi zonse. Chinawavuta ndi chachiwiricho.

"Botolo lakuda, pa shelufu yanga? Ndimuuze munthu kuti akhulupirire? Kuli bwino ndisiye."

"Mukasiya ine ndizigula kuti?" anatero Emelda, yemwe anali atayamba kale kuwamvera chisoni.

A Makwinja anakhosomola. "Mnzanga uja akufunika thandizo Lachisanu lisanafike. Alendo aja akubweranso."

A Silungwe ankayang'ana mbale ija, pamene thovu linali likuphwa pang'onopang'ono. Kenako anaviika chala m'thovumo n'kuchiyang'anitsitsa.

"Safeli, thovu ili limabwera nthawi zonse?"

"Ngati mankhwala ali bwino, inde."

"Ndipo aliyense angalione?"

"Aliyense."

"A tcheya," anatero, "mabotolo akuda ndavomera."

Mawa lake pa kauntala pawo panali timabotolo tabulauni, timene anakapempha kwa mnzawo wogulitsa mankhwala a ziweto n'kutitsuka bwino, ndipo pambali pake panali sosa ya chiwindi. Wogula akabwera, a Silungwe amatsegula kabotolo, amadontheza pa chiwindi, thovu limafufuma, iwo n'kunena mawu awo aja mokweza kuposa kale. Ngakhale Emelda, amene amagula mlungu uliwonse, samulola kuchoka asanaone. A Makwinja anada mutu Lachinayi, ndipo mpaka lero ali ndi zaka 58.

Vuto ndi lakuti nkhani inamveka. Anthu anayamba kubwera osati kudzagula koma kudzaona banja likutha. Ana a sukulu amaima pamzere poweruka. Anthu ochokera ku Misuku, akagulitsa khofi wawo, amadzera pamenepo asanakwere galimoto. Bambo wina anabwera ndi mkazi wake n'kumuuza kuti ayang'anitsitse zimene apongozi amachita. A Silungwe sangamukanize munthu wofuna kuona, chifukwa moyo wawo wonse akhala akuitana anthu kuti aone. Ndinawerengera kuti pa malita asanu aliwonse, lita imodzi ikuthera pa sosa. Wa butchala anakweza mtengo wa chiwindi, akuti tsopano ndi cha sayansi. Ntchentche zinasamuka ku nsomba n'kubwera pa sosa. Agalu awiri anayamba kugona pakhomo la golosale, ndipo mmodzi anathawa ndi umboni wogula asanaone.

Ndinawauza za lita yotayikayo. Anati imeneyo si kutaya, ndi ulemu kwa wogula. Sindinatsutse, chifukwa ndinaonanso kuti pa anthu khumi obwera kudzaonerera, atatu amachoka ndi sopo kapena shuga, ndipo mmodzi amafunsa mtengo wa chaja pa benchi langa. Chofunika si kuthetsa chionetserocho ayi, koma kuchitchipitsa. Ndinayesa kunyumba ndipo ndinapeza kuti mbatatesi yaiwisi, ikangodulidwa kumene, nayonso imachita thovu. Silifufuma ngati la chiwindi, koma limaoneka, ndipo agalu alibe nayo ntchito. A Silungwe poyamba anakayika, akuti apongozi amenewa ndi ofatsa kwambiri. Anavomera nditawaonetsa kuti mbatatesi ingadulidwe pamaso pa wogula, mkati mwake n'kuonekeratu.

Tagwirizana kuti malonda a peroksaidi tichitire limodzi, phindu pakati. Masaluni a ku Kameme ndi ku Nthalire afunsa kale, ndipo onse akufuna mabotolo akuda. Lolemba ndikupita ku Tunduma kukagula zigubu ziwiri, timabotolo tabulauni 200, ndi kodonthezera kuti wogula aliyense aziona madontho atatu okha. Pobwerera ndidzera kwa amayi a mbatatesi kukakambirana mtengo wa ndowa.